Kabokosi ka 48 ndi mano a munthu wosalakwa

Ndiyambe ndanena kuti ine si munthu wogwiragwira zinthu za eni ake. Mukafunse aliyense pa Songani. Ndikabwereka lichero ndimabweza tsiku lomwelo, ndikasuntha chinthu ndimachibwezera pomwe ndinachipeza. Ndinaleredwa ine. Ndipo kuleredwa kumeneko n'kumene kunatsala pang'ono kuchotsetsa mayi wamkulu m'kwaya yomwe anayambitsa yekha, n'kumusiyira dzina loipa pamwamba pake. Nkhaniyi ndinkafuna ndife nayo, koma poti kumpingo kwathu ngakhale ana a Sande sukulu akuidziwa, aliyense n'kumathirako mchere wake, bola muimve kwa mwini wakene.

Kwaya yathu ndi ya amayi okhaokha, tilipo khumi ndi anayi. Woimbitsa ndi mayi Kachingwe, mphunzitsi wopuma ntchito, munthu woti akakweza chala ngakhale ntchentche imatera mwaulemu. Koma mwini kwaya weniweni ndi a Nangozo. Anaiyambitsa ine ndisanabadwe, ndipo nyimbo zathu zambiri anapeka ndi iwo, kuphatikizapo ya Yona ija yomwe anthu amatidziwa nayo. Ndi mayi wamasiye, amaimba alito, ndipo chaka chimene izi zinachitika mwana wawo wa ku Joni anali atawagulira mano oikirira, oyera mbee, moti ankaseka ngakhale pa nkhani yosaseketsa. Titamva kuti tapeza tsiku limodzi ku situdiyo m'tauni, iwo anangoti, "Adzukulu anga adzandimve ndikuimba ndisanapite. Zinazo ndilibe nazo ntchito." Ananena kamodzi kokha, koma tonse tinamva.

Ine ndimaimba sopulano, ndipo sindibisa, ndimaimba bwino. Vuto linali Yankho, mwana wanga woyamba, wa miyezi isanu ndi iwiri. Anatiuziratu kuti ku situdiyo ana ayi, ati maikolofoni amamva ngakhale kupuma kwa khanda. Chibadwire cha mwana ameneyu ndinali ndisanasiyanepo naye kuposa ulendo wa kumjigo. Ndiye m'mawa wa tsikulo, kunja kuli chiperoni, phiri losaoneka n'komwe, Yankho anakhosomola. Kawiri. (Ndinawerenga.)

"Amayi, mwamva?" ndinafunsa apongozi anga, amene ndinkawasiyira mwanayo.

"Ndamva. Wakhosomola. Ndi munthu."

"Akatentha thupi mundiimbire. Akakana phala mundiimbire. Akangokhala chete kwambiri mundiimbirenso."

"Amake Yankho, bambo ake a mwanayu ndinalera ndine, ndipo mukuwaona akuyenda. Pitani, minibasi ikusiyani."

Kwathu kulibe magetsi, foni timatchajitsa kometera tsitsi pamsika, ndipo dzulo lake magetsi anazima tsiku lonse. Ndinanyamuka ndi timizere tiwiri ta batire. Pofika pa Matawale ndinali nditaimba kale kawiri, kamzere katsala kamodzi. Koma tchaja inali m'chikwama. Mayi wanzeru sayenda wopanda tchaja.

Situdiyoyo ili ku Chikamveka, kuseri kwa nyumba ya mwini wake, a Likaka, bambo wa ndevu za imvi amene kale ankagwira ntchito ya nkhalango kuphiri. Ine ndinkaganiza kuti tikapeza chinyumba cha magalasi. Tinapeza zipinda ziwiri. China choimbira, makoma ake atamatidwa mathileyi a mazira ndi zidutswa za matilesi. Chinacho n'chomwe amakhala iwowo ndi kompyuta, akuyang'ana oimba kudzera pa galasi. Kuseri kwa chitseko cha chipinda chawocho kunali shelefu ya makina, ndipo pansi pake m'pomwe anati tiunjike zikwama zathu.

Anatikhazika pansi kuti atiuze malamulo. Atangoti, "Choyamba," ine mtima unati myuu, ndinamva ngati Yankho akulira. Ndinatuluka mwakachetechete kukaimba foni. Apongozi anati mwana akudya phala. Pobwerera ndinapeza anzanga onse akuti, "Tamva, bambo." Inenso ndinati, "Tamva, bambo." Ndinanena mokweza kuposa aliyense.

Foni inalira kaliridwe kaja kodandaula kuti batire yatha.

Apa ndikufuna mundimvetse, chifukwa anthu ofotokoza nkhaniyi amanena ngati ndinangofika n'kuzula chilichonse ngati mbuzi m'dimba. Ayi. Ndinaganiza. Sukulu ndinalekezera Sitandade 7 koma maso anga saphonya. A Likaka anali m'chipinda choimbira akuimika maikolofoni, ine ndinagwada pa zikwama paja, ndinaona ekisitenshoni ya mabowo asanu ndi limodzi, onse odzaza. Ndinatsata waya uliwonse ndi chala. Uwu wa kompyuta, ayi, imeneyo ndi ntchito. Uwu wa sipika, ayi. Awa awiri a makina aakulu okhala ndi mabatani ambirimbiri, ayi, ndimaopa. Uwu wa nyali. Wotsiriza unkapita ku kabokosi kakuda, kopyapyala ngati buku la nyimbo, kali phee pansi pa anzake. Kopanda sipika, kopanda chopotokola, kosatulutsa mawu alionse. Kanali ndi nambala yobiriwira, 48, basi, ndi tiwaya titatu totuluka kumbuyo.

Ndinati aka ndi kawotchi, komanso kowonongeka, chifukwa kulibe nthawi yotchedwa 48. Pagulu waulesi amaoneka. Ndinazula pulagi yake, ndinalowetsa tchaja yanga.

Nambala ija inazima. Ndinadikira kuti mwina china chilira. Zii. Kompyuta ili moyo, sipika zili moyo. Kungoti pa makina awiri aakulu aja tinyali tomwe tinali tobiriwira tinasanduka tofiira n'kuyamba kuphethira. Ndinati ndi mmene amakongoletsera. Komabe sindinafune kuti wina aone foni yanga ayambe nayenso kupempha malo, ndiye ndinatenga chitenje choberekera Yankho (ndinachinyamula mwachizolowezi, msana unkangomva kuzizira) n'kuchiyala bwinobwino pamwamba pa foni, pa kabokosi, ndi pa tinyali tofiira tonse tija.

Tinalowa, tinaima mizere iwiri, mayi Kachingwe anakweza chala. Abale, tinaimba. Nyimbo ya Yona inatuluka ngati sinatulukepo. A Nangozo anali kumbuyo kwanga chakumanzere, alito yawo ikuyenda pansipansi ngati madzi a Mulunguzi m'chilimwe. Titamaliza tinayang'ana pa galasi kuti tione a Likaka akuomba m'manja. Tinawaona atakwinya nkhope, dzanja lili pa mahedifoni.

"Tamverani izi," anatero, n'kutiseweretsa pa sipika.

Mawu athu enieni! Tinayamba kugwirana mapewa. Kenako, tha! Tinaimbanso pang'ono, tha! Patapita kanthawi, tha! Kaphokoso kakang'ono kouma, ngati munthu akuthyola ndodo za machesi pafupi ndi khutu lako.

"Pali wina akugunditsa chinthu," anatero a Likaka. "Ndani wavala zolira?"

Aliyense anayang'ana pansi. Ine ndinayang'ana aliyense. Ntchito imeneyi ndimaitha.

"Amake Fatsani ali ndi zibangili zitatu kudzanja lamanzere," ndinatero.

"Iii, amake Yankho, munalembedwa liti upolisi?"

"Ndikungothandiza, amayi."

Zibangili zinavulidwa. Tinaimbanso. Tha! Ndinaulula kuti a Nasibeko avala mapatapata ndipo akafika pa kolasi amanyamula chidendene. Tonse tinavula nsapato, tinaima pa simenti yozizira ngati ana olangidwa. Tha! Ndinanena za ndolo za mtsikana wina, za chingamu cha wina, mpaka ndinafika pa mayi Kachingwe enieniwo, kuti chala chawo chikamatsika chimalira pa mfundo. (Anandiyang'ana. Kuyang'ana kumene kuja ndikukumvabe pakhosi.) Anaimbitsa ndi mutu wokha. Tha!

Dzuwa linali litakwera, nyimbo zinayi tinakonza, palibe ngakhale imodzi yolowa.

"Bambo, kapena ndi makina anuwa?" anafunsa amake Fatsani.

A Likaka anavula mahedifoni pang'onopang'ono. "Mayi, makina awa zaka zinayi sananamizepo munthu. Muno mwadutsa makwaya, mwadutsa a zitoliro, mwadutsa anyamata ongolalata aja. Phokoso ili mwabwera nalo ndinu."

Ananena zoona, kungoti sankadziwa kuti akunena ndani.

Apa m'pomwe ndinachita chinthu chomwe ndimati ndikachikumbukira ndikutsuka mbale, ndimaima kaye. Ndinali nditaona ku mapulakatisi kuti a Nangozo akatsegula kwambiri pakamwa, mano atsopano aja amasuntha pang'ono n'kuti kha. Sindinafune kuwachititsa manyazi, ndinaleredwa ine, ndiye ndinasendera kwa mayi Kachingwe n'kuwanong'oneza kukhutu.

"Amayi, musanene kuti ndanena ndine, koma ndi mano a a Nangozo."

Sindinadziwe kuti pakati pa pakamwa panga ndi khutu lawo panali maikolofoni. Kunong'ona kwanga kunatulukira pa sipika ngati chilengezo cha maliro. Aliyense anamva. Ngakhale galu wa a Likaka panja ndikhulupirira anamva.

A Nangozo anatseka pakamwa. Aka kanali koyamba chaka chonsecho kuwaona atabisa mano aja.

"Tiyese," anatero a Likaka, akukanda ndevu. "A sopulano ndi ena nonse pumani. A alito okha atsale. Poyamba atatu, mayiwa akhale kaye pambali."

Kupuma? Ine ndinangomva kuti mpata woimba foni wapezeka. Ndinalowa m'chipinda cha kompyuta, a Likaka atandifulatira, maso pa galasi, mahedifoni kumutu. Ndinagwada pa zikwama ngati ndikufuna mpango, ndinazula tchaja, ndipo poti ndine munthu wobwezera chinthu pamalo pake, ndinalowetsanso pulagi ya kabokosi kaja. 48 inayaka. Ndinavundikiranso chitenje, ndinatuluka.

"Amayi, ali bwanji?"

"Anagona. Tsopano wadzuka."

"Wadzuka chifukwa chiyani? Watentha?"

"Amake Yankho, imbani nyimbo kumeneko."

Ndikubwerera ndinamva a Likaka akuti, "Mwamva? Mbee! Palibe kanthu." A alito atatu aja anali ataimba ndime yonse popanda tha ngakhale mmodzi. Ine ndinagwedeza mutu ngati dokotala amene matenda wawapeza. Foni inali itangolawa moto pang'ono, ndiye ndinagwadanso pa zikwama paja, kuzula kabokosi, kulowetsa tchaja, kuvundikira.

"Tsopano mayi lowani, muimbe nawo."

A Nangozo analowa. Anaimba mosamala, pakamwa atatsegula pang'ono pokha. Tha! Tha!

Ndiye mayi uja anachita chinthu chomwe sindidzaiwala. Anatembenukira kukhoma la mathileyi a mazira, anatulutsa kampango m'thumba, anachotsa mano aja n'kuwakulunga. Atatembenuka nkhope inali itagwa, masaya alowa m'kati, akuoneka wamkulu kuposa mmene tinkawadziwira.

"Jambulani, bambo," anatero, mawu akutuluka ofewa. "Ndinaimba zaka zambiri wopanda mano. Mulungu ankamva."

Anaimba. Ndipo foni yanga inali pansi pa chitenje ikumwa magetsi mwamtendere.

Tha!

Amake Fatsani ndi amene anayamba, motsitsa mawu koma mofuna kuti timve. "Ngati si mano, ndiye n'chiyani? Atatu aimba, mbee. Alowa iwowa, zayamba."

"Makinatu amaona zina zomwe ife sitiona," anatero wina kumbuyo.

"Ine sindinanene kanthu," anatero amake Fatsani. "Ndangofunsa."

Ndinaona amayi awiri amene anaima pafupi ndi a Nangozo akusuntha phazi limodzi, pang'ono pokha. Inu amene munakulira kumudzi mukudziwa kuti mawu otere akagwera mayi wokalamba, wamasiye, wokhala yekha, sathera mu situdiyo. Amakwera nawo minibasi. Amakafika kumjigo iye asanafike kunyumba. A Nangozo nawonso ankadziwa. Anayang'ana tonse mmodzimmodzi, osakwiya, kenako anatola nsapato zawo.

"Jambulani, ana anga, nthawi ikutha. Nyimbo ndi ya Mulungu, si yanga. Ndikudikirani pakhonde."

Anatuluka, kampango ka mano kali m'manja.

Ine zinandikhudza, osanama. Koma ndinkati nanga titani, umboni ndi umenewo. Ndinkadzimvanso kuti ndagwira ntchito.

A Likaka anati tipume pang'ono amwe tiyi. Mayi Kachingwe sanakhale pansi. Anawatsatira m'chipinda cha kompyuta, ine pambuyo pawo, poti ndinkafuna kuona ngati timizere tawonjezeka.

"Bambo Likaka, ndifunsenso," anatero mayi Kachingwe. "Mayi aja ndaimba nawo zaka zambiri. Palibiretu njira yoti makina okha n'kutulutsa phokoso limeneli?"

"Njira ilipo imodzi, koma si imeneyi." Anaika kapu pansi. Anthu a makina amakonda kufunsidwa. "Onani. Makina awa amalandira mawu kuchokera ku maikolofoni n'kuwaduladula tizidutswa, tizidutswa 48 sauzande pa sekondi imodzi yokha. Akadula amapatsira awa, awa n'kupatsira kompyuta. Munapatsiranapo njerwa pomanga tchalitchi?"

"Tinapatsirana."

"Woponya akafulumira pang'ono, wowakha n'kuchedwa pang'ono, chimachitika n'chiyani?"

"Njerwa imagwa."

"Basi. Tha! Makina alionse ali ndi kawotchi kake m'mimba, kowerengera tizidutswa timeneti. Ndipo mawotchi awiri, ngakhale muwagule sitolo imodzi tsiku limodzi, sayenda ndendende. Mukawasiya kuti aliyense aziwerenga yekha, amayamba limodzi bwinobwino, kenako wina watsogola, njerwa yagwa. Ayambanso, yagwanso. N'chifukwa chake pamakhala wotchi imodzi yowerengera onse, monga mmene inu mumachitira ndi chala chanucho. Onse amasiya zawo n'kumvera iyo. Ndi kabokosi kali kuseri kwa chitseko uko." Analoza ndi chala chachikulu kudutsa paphewa, osatembenuka.

Ine ndinayang'ana kuseri kwa chitseko kuja.

"Kakuda?" ndinafunsa. Mawu anatuluka ngati a mwanapiye.

"Eya."

"Kolembedwa 48?"

"Komweko. Si ndinanena m'mawa kuti chilichonse mungagunde mwangozi ndikhululuka, koma kameneko ayi? Munati mwamva."

"Tinamva, bambo," ndinatero.

"Ndiye ndinakayatsa ndekha m'mawa. Ndipo kakanakhala kozima, phokosoli likanamveka nthawi zonse. Nanga bwanji atatu aja anaimba mbee? Wotchi sisankha munthu, mayi."

Wotchi sisankha munthu, zoona. Koma inali kuyaka ndikatuluka, kuzima ndikalowa. Ndinayamba kuwerenga m'mutu, kutuluka kwanga, kulowa kwanga, mbee, tha, mbee, tha, ndipo zonse zinagwirizana ngati mabatani a yunifolomu. Kunja kunkazizira koma thukuta linatsika msana wonse, mkaka nawo n'kuyamba kutuluka wokha. Kabokosi kamene ndinakatcha kaulesi ndi kamene kankaimbitsa nyumba yonse.

Tsopano ndinene chomwe ndinachita, osati chomwe ndikanakonda kuti ndichite. Sindinaulule. Anthu atayamba kubwerera koimbira, ndinagwada pa zikwama, ndinazula tchaja, ndinabwezera pulagi, 48 inayaka, tinyali tofiira tinabiriwira kamodzi ngati ana asukulu aphunzitsi akalowa. Ndinapinda chitenje changa, foni m'chikwama. Palibe anaona. Mumtima ndinati zatha, Mulungu ndi wabwino.

Tinaimba anthu khumi ndi atatu. Mbee. Kuyambira poyamba mpaka pa ameni, osamveka tha ngakhale mmodzi.

"Mwaona?" anatero amake Fatsani, akuyang'ana kukhomo. "Ine sindinanene kanthu."

Apa m'pomwe ndinazindikira kuti pobwezera pulagi ija ndawamaliza a Nangozo. Ndikanaisiya, phokoso likanapitirira iwo ali panja, ndipo aliyense akanadziwa kuti si iwo. Ine ndinakonza makina kuti ndidzipulumutse, n'kukhomera msomali womaliza pa dzina lawo.

A Likaka anatiitana kuti timvere. Tinadzazana m'chipinda chawo, chitseko chili chotsegula, ndipo kuchokera pomwe ndinaima ndinkaona pakhonde. A Nangozo anakhala pa benchi, atafunda chitenje kumutu, akuyang'ana kuphiri komwe nkhungu inali itayamba kuyera, mitengo ya paini ikuonekera. Nyimbo yawo inkatuluka pa sipika iwo mulibe. Ndipo milomo yawo inkayenda. Ankaimba alito yawo, okha, panja.

Nyimboyo, kwa amene simuidziwa, ili ndi ndime yomwe amalinyero amafunsana kuti namondweyu wadza ndi yani, Yona ali m'tulo pansi pa ngalawa. Kenako sopulano amalowa yekha, Yona akuti ndine, ndiponyeni m'madzi. Sopulano ameneyo ndi ine. Ndinadzimva ndekha pa sipika ndikuimba mokoma kuti ndine, ndine, uku ndaima phee ndi tchaja m'chikwama.

"Ndine!" ndinakuwa.

"Inde ndinu, mwaimba bwino," anatero a Likaka.

"Ayi bambo, ndine, kabokosi, ndinazula ine, foni inatha moto, mwana anakhosomola kawiri, ndimati ndi kawotchi kakufa, ndikatuluka ndimabwezera ndikalowa ndimazula, chitenje chija n'changa, si mano, si a Nangozo, si chilichonse, ndine!"

Ndinanena zonsezi ndi mpweya umodzi. A Likaka anaimitsa nyimbo. Anatembenuka ndi mpando womwe, koyamba tsiku lonselo, n'kuyang'ana kuseri kwa chitseko.

"Munazula chiyani?"

"Ka 48."

"Kuti mutani?"

"Nditchaje."

Anavula magalasi. Anayang'ana kudenga ngati akufunsa Mulungu kuti anamulakwira chiyani posiya ntchito ya mitengo, mitengo yomwe sizula mapulagi. Kenako anati, "Aitaneni mayi aja."

Mayi Kachingwe anapita okha kukawatenga. A Likaka anawaimika pa maikolofoni, okhaokha, ife tonse tili mbali ino ya galasi. Anaimba ndime imodzi, kabokosi kali koyaka. Mbee. "Zulani," anandiuza. Ndinagwada pamaso pa anthu onse, ndinazula. Tinyali tinafiira. A Nangozo anaimbanso. Tha! "Bwezerani." Mbee. "Zulani." Tha! Anandichititsa katatu, ndipo ndikukhulupirira kuti kachitatuko sikanali kofufuza, kanali chilango.

A Nangozo anatuluka m'chipinda choimbira. Ine ndinali chigwadire, ndiye ndinangotembenuka ndi maondo omwewo.

"Amayi, pepani. Ndalakwa. Ndinalakwa pozula, ndinalakwa ponena za mano, ndinalakwanso pokhala chete."

Anamasula kampango kaja, anatembenukira kukhoma, anabwezera mano. Atatembenuka anali a Nangozo athu aja.

"Ndiye mfiti yapezeka," anatero. "Ili ndi mchira wa waya." Anayang'ana amake Fatsani. "Kapena makina aonanso zina, amake Fatsani?"

"Ine sindinanene kanthu, amayi."

"Ndikudziwa. Munangofunsa. Mukafika kumjigo mukafunsenso chimodzimodzi, mokweza, kuti anazula ndani."

Kenako anatambasula dzanja kwa ine. Ndinaganiza kuti akufuna kundidzutsa, ndinapereka langa.

"Foni, mwana iwe."

Ndinapereka. Anaiika m'kati mwa bulauzi, kumanzere.

"Koma amayi, mwana akadwala..."

"Ikalira ndimva ine. Ili pamtima. Iwe kaimbe Yona wako, lero wamudziwa bwino."

Anthu anaseka mpaka a Nasibeko anakhala pansi. Ine sindinaseke. Nthawi inali itapita, pa nyimbo zinayi tinajambula ziwiri zokha, ndipo m'minibasi pobwerera palibe anaiwala kundikumbutsa za ziwiri zotsalazo. Koma ya Yona inalowa ndi anthu khumi ndi anayi, ndipo mukaimvera bwino, pansi pa tonsefe pali alito ikuyenda. Adzukulu a ku Joni anaimva. Akuti wamng'ono amaiimba posamba.

Ndinafika kunyumba ndikuthamanga kuchokera pa siteji ya minibasi. Ndinapeza Yankho ali pamphasa, akuluma chipande, akuseka yekha.

"Anakhosomolanso?"

"Ayi," anatero apongozi. "Analira kanayi. Kanayi konseko n'kuti foni yalira n'kumudzidzimutsa. Kenako ndinaiika m'chidebe cha ufa, ndipo mwagona mtendere m'nyumba muno."

Kuyambira tsiku limenelo kumpingo sanditchulanso amake Yankho. Ndine a Yona. Ngakhale abusa anandiitanapo choncho pa zolengeza, kenako n'kukhosomola. A Likaka ndamva anamata pulagi ija ndi tepi n'kulemba chikwangwani, ndipo kwaya iliyonse ikafika amayamba ndi nkhani yanga asananene malamulo.

Phunziro ndinalitenga. Chinthu chaching'ono chokhala chete pakona usamachiyese chaulesi, mwina n'chomwe chikuwerengera onse. Izi ndimauza ngakhale atsikana a kwaya ya achinyamata.

Mwezi watha tinakaimba pa ukwati ku holo ina m'tauni. Yankho ndinamusiyanso, foni kamzere kamodzi. Maso anga, mwa okha, anapeza ekisitenshoni kuseri kwa sipika. Ndinangoti dzanja m'chikwama, ndinamva kuchokera kumzere wa alito, kha! A Nangozo, akundiyang'ana, mano onse panja. Ndinabweza dzanja.

Ndinakatchajira kukhitchini. Kumeneko ndinasankha mwanzeru, sindinakhudze kanthu kakang'ono kalikonse. Ndinazula chachikulu kwambiri, fuliji. Ndipo ndinabwezera pochoka.

Ndikuganiza kuti ndinabwezera.